Magazi a Mkamwini

Kavidiyoko kanali kakafupi, kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, koma pofika Lachitatu masana kanali katazungulira mafoni a pa Nathenje ponse. Munali bambo wina wamtali, wowonda, akudutsa pakati pa msika wa Mitundu. Mapewa ankadumpha okha, khosi likupotokera uku ndi uku, miyendo ikuponda ngati pansi pakuotcha. Wojambulayo anaikamo nyimbo ya dansi, ndipo m'munsi mwake analemba kuti, “Apongozi ake a Jeremiya atalawako kam'mawa.”

Anajambula ndi Martina, ngakhale mwini wake amakana mpaka lero. Martina amagulitsa kaunjika, ndipo tsiku la msika sajomba ku Mitundu. Anaimba kwaya imodzi ndi Jeremiya zaka zinayi, akumusungira malo pabenchi, akumutumizira mavesi m'mawa uliwonse. Jeremiya ankangoyankha kuti ameni, basi. Kenaka kwaya yawo inapita ku chikondwerero cha nyimbo ku Mitundu, ndipo mnyamatayo anabwerako ndi nambala ya mtsikana wina woimba alito, dzina lake Zipora. Munthu amene wadikira zaka zinayi n'kulandidwa pa Loweruka limodzi, foni ya kamera imamuyabwa m'manja.

Bambo a m'kavidiyomo anali a Mayeso, bambo ake a Zipora. Mowa sanaulawepo chibadwire. Koma kavidiyo sikanena zimenezo, ndipo amayi ake a Jeremiya atakaonera kawiri pa foni ya mnzawo wa kumpingo anati mwana wawo sakakwatira kwa chidakwa. Atauzidwa kuti si mowa koma matenda, anati ndiye bola ukanakhala mowa, poti mowa munthu amasiya.

Komabe nkhani ya ukwati mwini wake si mayi, ndi atsibweni. Choncho amayi aja anaitanitsa mlongo wawo, a George, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo sachedwa kukumbutsa anthu zimenezo. A George anamvetsera, anaonera kavidiyoko atavala magalasi, n'kunena kuti iwo saweruza nkhani pa foni. Apita okha ku Mitundu kukafufuza mtundu wa mtsikanayo monga amachitira akuluakulu. Akakapeza kuti mbumbayo ndi yodwala, ndiye kuti nkhani yathera pomwepo.

* * *

Jeremiya sanadikire. Masana omwewo anakwera njinga yake yamoto n'kudzera njira yafumbi ya m'midzi, ndipo anafika ku Mitundu ali mbuu ngati wochokera ku chigayo. Anapeza Zipora akuweruka ku kwaya. Anakhala pakhonde la tchalitchi motalikirana pang'ono, chifukwa amayi a chigwirizano ankasesa pabwalo, ndipo amayi amenewo tsache limakhala pansi koma maso ali kwina.

Kavidiyoko Zipora anali atakaona kale. Sanalire, sanatukwane. Anangofunsa ngati amayi ake a Jeremiya nawonso akaona, ndipo atamva yankho anagwedeza mutu.

“Bambo anga samwa,” anatero.

“Ndikudziwa.”

“Sukudziwa, Jere. Wawaona kawiri kokha, atakhala pampando, amayi atawafunditsa bulangete kuti manja asaoneke.”

Ndiye anamufotokozera. Zinayamba zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, iye ali Fomu 4. Poyamba zinali zala, zinkangoyenda zokha ngati munthu akuwerenga m'mutu. Kenaka makapu anayamba kugwa. Bambo amene sankakweza mawu ngakhale kwa nkhuku anayamba kupsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Patapita zaka kayendedwe kanasintha, ndipo tsopano ngakhale phala limawatsamwa. Anthu a pamudzi aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi kachasu wa mseri, ena ankati anaba m'munda wotsirika. Asing'anga atatu anadya nkhuku zawo, ndipo amayi anakwera phiri la Bunda kukapemphera mpaka maondo anatupa.

Jeremiya anamva chisoni, ndipo chinaoneka pankhope. Anamuuza za ulendo wa a George, n'kumulimbitsa mtima kuti atsibweni akewo ndi ovuta pakamwa pokha.

“Nanga kuchipatala anati chiyani?” anafunsa.

Zipora anayang'ana nyerere zimene zinkakwera chipilala.

“Anati ndi matenda a mu ubongo. Mankhwala ochiziratu palibe.”

Zimene ananenazo zinali zoona, koma linali theka chabe la zimene anamva.

* * *

Theka linalo analimva mwezi wathawo, pamene anaperekeza bambo ake ku chipatala chachikulu mu Lilongwe ndi kalata yochokera ku Mitundu. Dokotala wake anali mayi wachikulire, wolankhula mosathamanga. Anawayendetsa a Mayeso uku ndi uku m'chipindamo, anawauza atulutse lilime, anawagwira m'manja. Kenaka anafunsa funso limene asing'anga atatu aja sanafunsepo: kwawo kumene anachokera, kunali wina amene ankayenda chonchi?

A Mayeso mawu amatuluka movutikira, choncho yankho linatenga nthawi. Analipo bambo awo, ku Phalombe. Ana ankawatcha agogo ovina. Koma iwo aja zinawayamba imvi zili mbuu, zaka zitakwana makumi asanu ndi limodzi. A Mayeso zinawayamba ali ndi zaka 44.

Adokotala anakoka pepala. Anati zizindikirozi, pamodzi ndi mbiri ya agogo aja, zikuloza ku matenda otchedwa Huntington, ngakhale kuti kutsimikiza kwenikweni kumafuna kuyeza magazi kumene sikupezeka mosavuta. Anati mwana aliyense amatenga theka la chibadwa chake kwa mayi, theka kwa bambo. Mwana wa munthu wodwala matendawa, kaya wamwamuna kaya wamkazi, amakhala pakati ndi pakati, akhoza kutengera, akhoza osatengera. Amene sanatengere, ana ake ndi omasuka. Amene watengera, tsiku lina zidzamuyamba, ndipo ana ake nawonso adzakhala pakati ndi pakati pomwepo.

Kenaka anajambula timadontho m'mizere. Anati m'chibadwacho muli kachigawo kena kamene kamabwerezabwereza, ndipo munthu aliyense ali nako. Kakabwereza mopyola muyezo, ubongo umayamba kuwonongeka pang'onopang'ono. Kakatalika kwambiri, matenda amakonda kuyamba msanga. Ndipo nthawi imene kamakonda kutalika ndi pamene kakuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Mzere woyamba anaulemba kuti agogo, 60. Wachiwiri, wotalikirapo, anaulemba kuti bambo, 44. Wachitatu anangolemba chizindikiro cha funso, n'kufunsa kuti ana alipo angati.

Analipo awiri. Gilibati, wa zaka 29, amene ankagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, ndi Zipora, wa zaka 26.

Adokotala anachenjeza kuti zaka zake sizichotseredwa ngati samu ya kusukulu, ndipo n'kutheka kuti ana onse awiri sanatengere. Zipora anavomera mwaulemu, koma mu minibasi yobwerera anachotsera ndithu, ndipo yankho limene anapeza linali pafupi kwambiri ndi msinkhu wake. Atafika kunyumba anawauza amayi ake, aNachisale. Iwo anapinda pepala lija kanayi, n'kuliika pansi pa sutikesi, n'kunena kuti nkhani imeneyi isatuluke pakhomo pano.

* * *

A George anafika ku Mitundu Lolemba atavala jekete, ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Kunyumba kwa mtsikanayo sanapiteko, poti wofufuza sayambira kwa eni nkhani. Anayamba ndi mkulu wa mpingo, kenaka mayi wina wogulitsa thobwa pafupi ndi mjigo, n'kumalizira kwa mnzawo amene anaphunzitsa naye limodzi kalekale. Anali ndi kope ndi cholembera chofiira, chotsalira cha ntchito yakale.

Anagwira ntchito mosamala, zimenezo tisawalande. Analemba dzina la aNachisale ndi ana awo awiri. Pamwamba pake analemba amayi awo a aNachisale, pamwamba pakenso agogo awo, ndipo m'mbali analemba alongo ndi abale onse a bere limenelo. Pa dzina lililonse ankafunsa za khunyu, misala, kusabereka, ufiti ndi kuba. Akamva kuti kunalibe, ankachonga ndi chofiira chija. Pofika masana tsamba lonse linali lochongedwa, ngati mayeso a mwana wanzeru.

Za a Mayeso anafunsa funso limodzi lokha, lakuti ndi ochokera kuti. Anauzidwa kuti ndi a ku Phalombe, anabwera ali mnyamata kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya, anakwatira, n'kumanga pamudzi pa mkazi wawo. A George atamva kuti ndi mkamwini anatseka kope n'kuitanitsa thobwa lina.

Atabwerera ku Nathenje anakhazika pansi mlongo wawo ndi Jeremiya.

“Mlongo, mwana ndi wa kuchikazi,” anatero. “Mtsikanayu ndi wa bere la aNachisale, ndipo bere limenelo ndalitsata mibadwo inayi, mulibe ngakhale wotsokomola. Bamboyo ndi wobwera. Matenda akewo anabwera nawo m'chikwama kuchokera kwawo, ndi a abale ake a kwawo komweko. Ife akutikhudza pati?”

Amayi ake a Jeremiya anang'ung'udza pang'ono, koma kope lochongedwa ndi chofiira silitsutsika. Anagonja. Jeremiya anatuluka panja n'kulemba uthenga zala zikuthamanga: atsibweni avomera, akuti mtundu wanu ndi woyera, akubwera kudzafunsira Loweruka la sabata yamawa.

Zipora anauwerenga ali pamjigo. Anasangalala, tisaname, mpaka anaiwala ndowa ikusefukira. Jeremiya ankamukonda ndithu, ndipo iye ankamukondanso kuyambira tsiku lija anamuona akulakwitsa nyimbo koma osachita manyazi. Chimwemwecho chinakhala naye mpaka pakati pa njira, pamene anakumbukira chifukwa chimene a George anavomerera. Anali atafufuza bwinobwino mbali imene kunalibe kanthu.

* * *

Zipora anawapeza aNachisale pakhonde akuswa mtedza. A Mayeso anali m'nyumba, mpando wawo ukumveka kugwedezeka.

“Amayi, ine ndimuuza.”

“Umuuza chiyani? Kuti ukudwala? Ukudwala iwe?”

“Ayi.”

“Ndiye ukamuuze matenda amene ulibe?”

Zipora anayamba kubwereza mawu a adokotala, koma anamudula. Anati adokotala ananena kuti mwina, ndipo palibe munthu amathetsa ukwati chifukwa cha mwina. Anati atsibweni a mnyamatayo anafufuza okha, palibe anawanamiza, palibe anawatseka maso. Mwambo wowerenga ana kuchikazi sanaupange ndi iwo, anaupeza, ndipo ngati lero mwambowo wawakomera, sayamba ndi iwo kuutsutsa.

ANachisale si munthu woipa. Zaka zisanu ndi zitatu akhala akumusambitsa mwamuna wawo, kumumwetsa phala ndi supuni, kumutola akagwa, anthu a pamudzi akuseka. Chimene ankafuna chinali kuona mwana mmodzi atatuluka m'nyumba imeneyo ndi nthungululu.

Panatsala vuto limodzi. A George anatumiza mawu kuti Lowerukalo adzalankhula ndi mwini mbumba. Mlongo wawo wa aNachisale, amene akanakhala nkhoswe, anamwalira zaka ziwiri zapitazo, choncho udindowo unagwera Gilibati. ANachisale anabweza mawu kuti Gilibati watanganidwa ndi nazale za fodya, ndipo m'malo mwake padzakhala msuweni wina wa kumudzi woyandikana. A George anakana. Anati iwo sanayendere dzuwa lonse lija kuti adzalankhule ndi wongogwirizira, ndipo ngati mwini mbumba palibe, adikira mpaka adzapezeke.

Zipora anali asanaonane ndi achimwene akewo chichokereni pamaliro a atsibweni aja. Khirisimasi ziwiri sanabwere. Akaimba foni ankayankha ndi alamu ake, a Thoko, n'kunena kuti achimwene ali kumunda, kapena akusamba. Mauthenga ankabwera, koma zilembo zili zosokonekera, ndipo Zipora ankawaseka kuti agule foni ina. Amayi anapitako chaka chatha n'kubwerako ndi yankho lalifupi lakuti onse ali bwino.

Zipora sanafune kuti ukwati wake uime chifukwa cha nazale. Anawalembera achimwene ake osawauza amayi, n'kuwachonderera kuti asamuchititse manyazi. Yankho linabwera tsiku lotsatira, zilembo zili balala monga mwa masiku onse, koma linawerengeka. Anati abwera, mlongo wawo ndi mmodzi yekha.

Atawauza amayi, iwo anasiya kuswa mtedza. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Wachita chiyani, mwana iwe?” anatero, motsitsa mawu.

Anabwerera ku mtedza wawo. Zipora anaganiza kuti mwina ndi mkangano wakale wa amayi ndi mpongozi wawo, ndipo sanafunse.

* * *

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, Zipora anatulutsa pepala la adokotala pansi pa sutikesi, analiika m'chikwama, n'kukwera minibasi. Anali atatsimikiza mtima. Mawu anawakonza bwinobwino m'njira monse, ndipo pamene ankasintha minibasi kulowera ku Nathenje anali atawaloweza ngati vesi.

Munthu woyamba kukumana naye potsika anali Martina, atayala kaunjika wake m'mbali mwa msewu.

“Zabwino zonse, mayi a kwaya,” anatero Martina, akukutumula bulauzi. “Ndamva atsibweni akukhozetsani. Paukwati musadzavutike n'kufuna ovina, muli nawo kale pakhomo.”

Azimayi awiri amene ankasankha zovala anaweramitsa mitu. Zipora anaima.

“Kavidiyo kaja unajambula bwino,” anatero. “Koma ulendo wina uzidula kumapeto. Kuseka kwako kukumveka.”

Martina sanachite manyazi. Anati iye sadziwa za kavidiyo, chimene akudziwa n'chakuti kwawo onse amayenda mowongoka, mayi ndi bambo omwe, ndipo Jeremiya akadzatopa akudziwa pamene amayala. Anatero akumwetulira, n'kupitiriza kuitanira malonda.

Zipora anachoka mtima ukuwawa. Mawu analoweza aja anali adakalipo, koma tsopano ankaona bwino amene adzatole Jeremiya akangowanena.

Jeremiya anamutengera kuseri kwa nyumba ya amayi ake kukamuonetsa uvuni wa njerwa umene anaotcha sabata yathayo. Anati kaya akuluakulu agwirizana kuti akamange ku Mitundu kaya konkuno, njerwa zilipo, thirakitala idzanyamula. Nyumbayo anali ataimanga kale m'mutu, zipinda zitatu ndi khonde lalikulu. Ana ankafuna anayi. Woyamba adzakhala Tadala, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Anati ngakhale amayi ake afewa, dzulo amafunsa mtundu wa chitenje chimene mpongozi wawo amakonda.

Zipora anaika dzanja pa zipi ya chikwama.

“Jere, matenda a bambo aja. Bwanji atakhala kuti amayenda m'magazi?”

Jeremiya anaseka. Anati nkhani imeneyo atsibweni anaitseka kale, ndi kope lomwe. Anamugwira dzanja lija, n'kulitambasula pa chikhatho chake.

“Taona dzanja ili, lili phee. Wodwala amakhala chonchi?” Kenaka anawonjezera, nkhope itasintha. “Kunama ayi, Zipo, sabata ija sindinkagona. Akanati zimatengera, sindikudziwa ndikanatani. Osati chifukwa cha iwe, koma ana. Kubereka mwana uku ukudziwa kuti tsiku lina anthu adzamujambula pamsika, ine sindingathe. Koma poti sizitero, tisiye zimenezo.”

Zipora anavomera kuti azisiye. Zipi sanatsegule. Anadziuza kuti adzanena Loweruka likadutsa, zinthu zikakhazikika, penanso akadzapeza njira yoyezetsa magazi. Zifukwa anali nazo zambiri ndipo zonse zinkamveka bwino, koma chenicheni chinali chakuti anachita mantha. Pepala linabwerera ku Mitundu lili chipindire.

* * *

Loweruka kunacha bwino. Pabwalo panasesedwa, mipando inayi inaikidwa pansi pa mtengo wa mango. A Mayeso anawasambitsa m'mawa n'kuwakhazika kuchipinda, ndipo palibe anadabwa, chifukwa pa nkhani zofunsira mbeta bambo sakhala ndi mawu. A George anafika nthawi yake, jekete lomwe lija, kope m'thumba, ali ndi mkulu wina wowaperekeza. Jeremiya anatsalira kumsewu pafupi ndi njinga yake, kudikira kuti aitanidwe.

Mwini mbumba anachedwa. A George anayang'ana wotchi kawiri, kachitatu anaionetsa kwa mnzawo uja. ANachisale anakhala pamphasa chapatali, maso ali kunjira, milomo ikuyenda ngati akupemphera.

Itangopitirira 10 koloko kunamveka njinga yamoto ya kabaza. Inanyamula anthu awiri, mwamuna pakati, mkazi kumbuyo atamugwira m'chiuno mwamphamvu. Zipora anali pakhomo la khitchini, ndipo anazindikira alamu ake a Thoko. Anataya chipande n'kuyamba kuthamanga, koma anangoponya mapazi atatu.

Gilibati anatsika mothandizidwa. Anali atavala suti imene inkaoneka kuti kale inkamukwana. Poyamba zinaoneka ngati akukonza jekete paphewa. Kenaka phewalo linadumphanso, khosi linapotoka, ndipo atayamba kuyenda miyendo inaponda uku ndi uku. Kayendedwe kameneko Zipora anali atakaona tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu. Bambo ake zinawatengera zaka zisanu kuti afike pamenepo. Achimwene ake, amene zaka ziwiri zapitazo ananyamula nawo bokosi la atsibweni, anali atafika kale.

Apa m'pamene anamvetsa za mauthenga osokonekera aja, za foni yoyankhidwa ndi alamu, ndi za ulendo wa amayi wa chaka chatha. Anatembenuka kuwayang'ana. ANachisale anali ataphimba kumaso ndi chitenje.

Gilibati anadutsa pabwalo yekha, atakana dzanja la mkazi wake. Zinamutengera nthawi. Atafika pafupi ndi mlongo wake anamwetulira.

“Ndabwera, mlongo wanga,” anatero, mawu akukokeka. “Ndinati sindikuchititsa manyazi.”

Anakakhala pampando moyang'anizana ndi alendo, n'kugwira maondo ake ndi manja onse awiri kuti akhale bata. Sanakhale bata.

A George anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatulutsa kope n'kutsegula tsamba lija. Dzina la Gilibati linalipo, pansi penipeni pa dzina la aNachisale, pambali pa la Zipora, lochongedwa ndi chofiira ndi dzanja lawo lomwe.

“Pepani,” anatero, akuyang'ana kwa aNachisale, “bambowa ndi a bere lomweli?”

Anayankha ndi Gilibati mwini.

“Mimba imodzi ndi Zipora. Mwini mbumba ndine. Nenani chimene mwadzera.”

A George anali atakonza mawu okoma ofunsira mbeta, ndipo m'njira anawayeserera kwa mnzawo uja. Mawuwo sanatuluke. Anayang'ana kope, anayang'ana Gilibati, kenaka anayang'ana kuzenera la kuchipinda kumene mpando wa a Mayeso unkamveka kugwedezeka. Munthuyo anali mphunzitsi, samu yophweka chonchi sakanailephera. Anatseka kope n'kupempha madzi akumwa.

Zipora anapita kukatunga. Potuluka ndi kapu pambale anapeza Jeremiya ataima pakona pa nyumba. Mwambo sunkamulola kufika pamenepo asanaitanidwe, koma anali ataona zonse ali kumsewu.

“Unkadziwa?” anafunsa, mosakweza mawu.

“Za achimwene, ayi.”

“Za magazi?”

“Eya. Adokotala anandiuza mwezi watha. Pepala lake linali m'chikwama Lachinayi lija.”

Jeremiya anangopatuka kuti adutse.

Zipora anafika pamaso pa a George n'kugwada monga mwana wolangizidwa, n'kupereka mbale ija ndi manja awiri. Kapu inayamba kulira pambale. Anayesa kulimbitsa mikono, koma inalirabe, madzi anatayikira pa nsapato za a George. Munthu aliyense amene wangoona mchimwene wake ali chonchi, n'kuulula bodza kwa mwamuna amene amamukonda, akhoza kunjenjemera, ndipo tsiku lina lililonse palibe akanazitengera. Koma pabwalopo panalibe amene akanatha kusiyanitsa mantha ndi matenda, ngakhale Zipora mwini wake.

A George kapuyo sanailandire. Zipora anatukula maso kufuna nkhope ya Jeremiya, ndipo anamupeza ataima pomwe paja. Sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana manja ake.